Ulendo wa ku Wayanad nyengo ya monsoon: mmene mungapitire ndi anzanu n'kubwerako amoyo

Mwezi wa Julayi ukafika, pa gulu lililonse la WhatsApp la ife ophunzira ku Bengaluru ndi ku Mysuru, ku India, sipalephera kutuluka munthu wonena kuti, "Aise, wikendi ino tiyeni ku Wayanad." Amaponyanso zithunzi: mapiri obiriwira, chifunga chitakuta minda ya tiyi ngati kwa Thyolo m'mamawa, mathithi akuyera mbee. Ine sindiletsa ulendowu. Dera limeneli, lomwe lili m'mapiri a Western Ghats kumpoto kwa chigawo cha Kerala, limakongola kwambiri mvula ikamagwa, ndipo kwa munthu amene wapukwa kwawo limatonthoza mtima. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a ku Wayanad si ongodetsa nsapato.

Pakati pa usiku wa pa 30 Julayi 2024, phiri linagumuka kumtunda kwa Mundakkai ndi Chooralmala, pafupi ndi Meppadi, anthu ali m'tulo. Anafa anthu oposa 200. Mitembo ina inakapezeka kutali mumtsinje wa Chaliyar, cha ku Nilambur. M'maola 48 tsokalo lisanachitike, kuderako kunagwa mvula yokwana mamilimita 572. Ife a ku Malawi chinthu chimenechi tili ndi dzina lake: napolo. Makolo athu amakumbukira za ku Phalombe mu 1991, ndipo ife tinaona ndi maso athu zimene phiri la Soche linachita ku Chilobwe nthawi ya Freddy mu Malichi 2023. Chimene ndikupempha n'chakuti nzeru imeneyi musaisiye kuhositelo chifukwa choti mwapita kokasangalala. Malangizo onse otsatirawa akuchokera pamenepo.

Choyamba: ulendo umayamba Lachitatu, pafoni

Mvula ya monsoon imafika ku Kerala cha kumayambiriro kwa Juni n'kugwa mpaka Seputembala, koma siigwa mofanana. Pamakhala masiku amvumbi wabwinobwino, kenako masiku atatu kapena anayi oti kumwamba kwabooka. Ntchito yanu ndi kuzemba masiku amenewo.

Nthambi yoona zanyengo ku India, IMD, imatulutsa chenjezo la boma lililonse m'mitundu. Yellow alert ndiye kuti kungagwe mvula yamphamvu, mamilimita 64.5 mpaka 115.5 m'maola 24. Orange alert ndi mamilimita 115.6 mpaka 204.4. Red alert ndi kuposa pamenepo. Ikani pafoni app ya Mausam ndi ya Sachet, zomwe zimapereka machenjezo a zanyengo ndi zangozi, ndipo tsatirani tsamba la Facebook la District Collector (DC wa kumeneko) wa Wayanad, chifukwa ndi pamenepo amalengeza kuti sukulu zatsekedwa, malo okopa alendo atsekedwa, kapena kuyenda usiku m'misewu ya m'mapiri kwaletsedwa. Amalemba m'Chimalayalam, koma foni imamasulira.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kungoyang'ana za Loweruka lenilenilo. Ayi, yang'anani zimene zagwa kuyambira Lachitatu. Phiri limamwa madzi pang'onopang'ono mpaka kukhuta, ndipo likakhuta ngakhale mvula yochepa imakwanira kuligwetsa. Kungakhale kutawala dzuwa Loweruka m'mawa, dothi likadali lolemedwa ndi madzi a dzana. Lamulo langa ndi ili: pa yellow timapita koma mosamala, pa orange kapena red, kaya ndi ya tsikulo kaya ya masiku awiri apitawo, sitinyamuka. Mukamva kuti ana asukulu apatsidwa holide chifukwa cha mvula, dziwani kuti eni dera aopa. Mlendo angalimbe mtima bwanji?

Chachiwiri: pangani pangano la kubwerera musanasonkhe ndalama

Ichi chimaoneka chaching'ono koma ndi chimene chimapha magulu. Anthu asanu asonkha ndalama, alipira malo ogona, ahayala galimoto. Lachisanu madzulo chenjezo lasintha. Aliyense mumtima akuopa, koma palibe afuna kukhala woyamba kunena, poopa kuti anzake amuti wamantha, ndiponso ndalama zapita kale.

Choncho gwirizanani zinthu zitatu poyambirira. Sankhani malo ogona olola kusintha tsiku kapena kubweza ndalama, ngakhale atakwerako mtengo. Vomerezanani kuti munthu mmodzi yekha akati "ine ayi", ulendo waima popanda kumuseka. Ndipo aliyense akhale ndi ndalama yapadera yokwanira kugona usiku wina umodzi kapena uwiri, pakuti nyengo imeneyi ulendo wa Loweruka ndi Lamlungu utha kukhala wa mpaka Lachiwiri. Amene ali ndi mayeso Lolemba m'mawa atsale.

Chachitatu: malo ogona, ndipo apa ndichedwapo

Pa intaneti, nyumba zimene zimakopa kwambiri ndi zomwe zili m'mphepete mwa kamtsinje, kapena zopachikika pamtsetse wa phiri, pakhonde ukuona chigwa chonse. Nyengo yadzuwa n'zabwino. Nyengo ya monsoon, amenewo ndiwo malo oyamba kuwakana. Madzi saiwala khwawa, ndipo napolo amatsata makwawa omwewo.

Gonani m'tauni: Sulthan Bathery, Kalpetta kapena Mananthavady, pamalo okwera bwino, pafupi ndi msewu waukulu wa tala. Kwa amene akuchokera ku Mysuru ine ndimakonda Sulthan Bathery, chifukwa ili chakum'mawa, yatalikirana ndi mapiri ataliatali a kumadzulo kumene mvula imachuluka, monga ku Lakkidi ndi Vythiri. Dera la Meppadi musagoneko nyengo imeneyi. Pa 8 Ogasiti 2019 phiri linagumukanso ku Puthumala, komwe n'kufupi ndi kumene kunachitika za 2024.

Musanalipire, imbani foni, osangolemberana. Funsani mafunso awa mmodzimmodzi. Kodi mtsinje wapafupi uli pamtunda wotani? Kodi mu 2018 ndi 2019 madzi anafika pati? Zaka zimenezo aliyense ku Kerala amazikumbukira, makamaka Ogasiti 2018 pamene madzi osefukira anapha anthu oposa 400 m'chigawo chonsecho, ndipo mwini nyumba woona mtima amakuuzani mpaka pamene madzi analekezera pakhoma. Kodi njira yofikira panyumbapo ndi imodzi, ndipo imadutsa pa mlatho waung'ono kapena pa kalavati? Ngati ndi choncho, kalavatiyo ikamira mwatsekeredwa. Kodi magetsi akathima pali jenereta? Funso lomaliza ndi lathu ife alendo: kodi amalandira anthu a mayiko ena? Lamulo la ku India limafuna kuti malo ogona alembetse mlendo wakunja ku boma, ndipo nyumba zina zing'onozing'ono sizichita zimenezi. Kubwezedwa pageti usiku mvula ikukhuthuka n'kowawa.

Ulendo wathu woyamba sitinafunse chilichonse mwa izi. Tinali asanu, ndipo tinasankha kanyumba ka m'munda wa khofi chifukwa cha chithunzi cha kamtsinje kodutsa kuseri. Titafika masana, madzi ake anali oyera, ofika m'kakolo, miyala ikuoneka pansi. Ndinaona kuti mwini nyumbayo wazika ndodo m'mphepete mwake, atailemba mizere itatu ya penti yofiira. Cha m'ma 11 koloko usiku ndinamuona pawindo akutsetsereka ndi tochi, ambulera kudzanja linalo, nsalu yake atapindira m'maondo. Anaunika ndodoyo, n'kubwerera. Patapita ola anapitanso. Ulendo wachitatu anabwera molunjika kudzagogoda. Ndinamufunsa kuti, "Chetta, kwagwanji?" pakuti kumeneko mwamuna wamkulu kwa iwe umamuitana choncho, monga ife timati achimwene. Sanalankhule zambiri. Anangotionetsa zala ziwiri, kenako n'kuloza kumtunda. Tinanyamula zikwama n'kukagona pabalaza kwa m'bale wake pachitunda. Kutacha, ndodo ija sinkaoneka, ndipo kalavati yomwe tinadutsapo dzulo lake inali pansi pa madzi ofiira ngati a mtsinje wa Shire m'dzinja. Bamboyo anatipulumutsa, koma si malo onse muli munthu wodzuka katatu usiku.

Chachinayi: dziwani misewu iwiri, osati umodzi

Ku Wayanad kulibe njanji. Amene akuchokera ku Bengaluru amadutsa ku Mysuru, Nanjangud, Gundlupet, n'kulowa m'nkhalango ya Bandipur pa msewu wa NH 766, kutulukira ku Muthanga mpaka Sulthan Bathery. Msewu umenewu m'nkhalangomo umatsekedwa kuyambira 9 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa pofuna kuteteza nyama. Maganizo oti "tinyamuke Lachisanu tikaweruka" asiyeni. Nyamukani Loweruka mbandakucha, mukafike kukuwala. M'nkhalangomo musaime, musatsike kukajambula. Muli njovu, ndipo kuima n'koletsedwa.

Pali malo awiri pamsewuwu amene madzi amakonda kutseka. Oyamba ndi Ponkuzhi, pafupi ndi Muthanga kumalire a Kerala ndi Karnataka. Achiwiri ndi pafupi ndi Nanjangud, ndipo apa mpofunika kumvetsa chifukwa chake. Mtsinje wa Kabini umayambira ku Wayanad komweko n'kulowera kum'mawa ku Karnataka. Mvula ikachuluka kumapiri, damu la Kabini limadzaza, amatsegula zitseko, madziwo n'kukakwera pamsewu ku Nanjangud, ngakhale kumeneko kutakhala kuti sikukugwa mvula. Ndiye kuti mvula yomwe mukuimva padenga Loweruka usiku ndi yomweyo idzakutsekerezeni njira Lamlungu, makilomita ambiri patsogolo.

Njira ina ndi yochokera ku Mysuru kudzera ku Hunsur, Gonikoppal ndi Kutta mpaka Mananthavady. Ndi yozungulira, koma idziweni ndipo sungani mapu ake pafoni kuti azitseguka popanda netiweki. Amene akuchokera ku Kozhikode amakwera Thamarassery Churam, msewu wokhala ndi makona 9 okhota kwambiri. Nyengo ino miyala ndi mitengo zimagwera pamsewupo, chifunga chimatseka maso, ndipo lole imodzi ikafa magalimoto amaima maola. Usiku musayerekeze.

Pa nkhani ya galimoto, ine ndimasankha basi ya boma ya KSRTC kapena galimoto yahayala yokhala ndi dalaivala wa kuderako. Madalaivala amenewa amaimbirana mafoni ndipo amadziwa za mlatho womira app isanadziwe. Njinga zamoto ayi ndithu, ngakhale anyamata amazikonda. Komanso app ya mapu ikakuuzani kuti mukhotere kanjira kachidule ka m'minda, ikaneni mpaka mutafunsa munthu wa pa sitolo yapafupi.

Chachisanu: katundu

Apa sindichedwapo. Pasipoti, visa ndi chikalata cha FRRO (ofesi yolembetsa alendo akunja ku India) zikulungeni m'majumbo awiri, ndipo zithunzi zake zikhale pafoni. Tengani jasi la mvula, nsapato zogwira pansi, zovala zouma msanga chifukwa jini ikanyowa kumeneko siuma, juzi imodzi ya usiku, tochi yeniyeni, power bank yodzaza, mankhwala opaka othamangitsa udzudzu, mabisiketi, madzi akumwa ndi kapaketi ka mchere. Nyamulani ndalama zogwirika m'manja, pakuti netiweki ikapita UPI, njira yolipirira pafoni, yapita nayo. Lembani papepala manambala awa: 112 pa ngozi iliyonse, 108 ya ambulansi, 1077 ya ofesi yoona zangozi m'bomalo. Mnzanu mmodzi wotsala adziwe dzina la malo mukukagona ndi nthawi yomwe muyenera kubwerera.

Chachisanu ndi chimodzi: mukafika, landirani zimene zatseguka

Malo ambiri otchuka amatsekedwa mvula ikakula: phiri la Chembra, lomwe ndi lalitali mamita 2,100, mathithi a Soochipara, chilumba cha Kuruva pamtsinje wa Kabini, nthawi zina ngakhale mapanga a Edakkal. Mukapeza geti lotseka, pamapezeka munthu wonena kuti akudziwa kanjira kolowera kumbali. Mukaneni. Mathithi ndiwo amandiopsa koposa. Mutha kuima pathanthwe louma, pamene muli sipakugwa dontho, koma kumtunda yagwa, ndipo m'mphindi zochepa madzi afika ndi zipika. Amene anasambapo ku Likhubula m'dzinja akudziwa zimene ndikunena.

Zotsalazo n'zokwanira. Ku Sulthan Bathery kuli kachisi wakale wamiyala wa chipembedzo cha Jain, yemwe asilikali a Tipu Sultan, mfumu yakale ya ku Mysuru, ankasungiramo zida, ndipo dzina la tauniyo linachokera pamenepo. Ku Ambalavayal kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za mitundu ya anthu a m'derali. Mutha kuyenda m'mbali mwa msewu pakati pa minda ya khofi, mukuona tsabola akuyanga m'mitengo. Ndipo pali chakudya. Lowani m'kalesitilanti ka m'mbali mwa msewu muitanitse kappa ndi meen curry. Kappa ndi chinangwa chathu chomwechi, chophika mpaka kufewa, chothira turmeric ndi kokonati, ndiwo yake nsomba ya tsabola wambiri. Tsiku limene tinadya koyamba, mchemwali wina wa ku Nkhata Bay yemwe tinali naye anakhala duu kwa kanthawi, kenako anati, "Anzanga, ndamva fungo la kwathu." Pamwamba pake imwani chaya, tiyi wa kumeneko, wotentha ndi pazhampori, nthochi yakupsa yokazinga mu ufa, mvula ikuomba pamalata. Kwa ine ulendo wonse umakwanira pamenepo. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena a m'botolo. Zipatso zogwa pansi zolumidwalumidwa musatole, chifukwa mileme ya kumeneko imafalitsa matenda a Nipah, omwe anapha anthu ku Kozhikode mu 2018.

Chachisanu ndi chiwiri: madzi akatseka msewu

Musawoloke. Palibe chowonjezera pamenepo, koma ndikudziwa mmene mtima umachitira ukaona tsidya lili pafupi. Madzi othamanga ofika masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu. Masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo 60 amakokolola magalimoto ambiri, ngakhale akuluakulu. Chinanso, madzi ofiirawo amabisa pansi: simudziwa ngati tala akadalipo kapena wakumbika. Basi ikawoloka sizitanthauza kuti inunso muwoloka.

Pobwerera ulendo uja tinaima maola ambiri pamalo otere, apolisi atatseka msewu. Mnzathu wina anali ndi kalasi Lolemba ndipo ankangoti, "Achimwene, tiyeni tiyese, si akuya awa." Dalaivala wathu anazimitsa injini n'kuika kiyi m'thumba. Tinabwerera kukagona m'tauni, ndipo kutacha madzi anali ataphwa. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Poima, sankhani malo otalikirana ndi chipupa cha phiri, mitengo ikuluikulu ndi mawaya a magetsi. Waya wogwera m'madzi amapha mwakachetechete, ndiye ngakhale poyenda pansi m'tauni musaponde m'zithaphwi zapafupi ndi mapolo. Mukamva kuti damu la Banasura Sagar atsegula zitseko, talikiranani ndi madera otsika a ku Panamaram.

Chachisanu ndi chitatu: usiku

Napolo amakonda kupeza anthu ali mtulo. Mvula ikalimba madzulo, longedzani zikwama musanagone, nsapato ndi tochi zikhale pakhomo, foni imodzi ikhale yosazimitsa mawu. Mowa uchepe, munthu woledzera sadzuka ndipo sathamanga. Ngati mwini nyumba, apolisi kapena akuluakulu a m'mudzi abwera kudzati samukani, samukani nthawi yomweyo. Nthawi zambiri amapititsa anthu kusukulu yapafupi, ndipo mlendo samubweza.

Zizindikiro n'zomwe agogo athu a m'munsi mwa Mulanje ankanena. Mtsinje umene unali woyera wasanduka matope mwadzidzidzi, ukubwera ndi nthambi. Kapena, choopsa kwambiri, mvula ikugwabe koma madzi a mumtsinje achepa: ndiye kuti kumtunda china chatseka, ndipo chikaphulika chibwera chonse pakamodzi. Mitengo kapena mapolo apendekeka. Pansi kapena pakhoma pang'ambika. Madzi akutumphuka pamalo pomwe panali pouma. Kumtunda kukumveka mkokomo ngati wa malole ambiri. Mukaona chimodzi mwa izi musadikire chachiwiri. Musathawire kumunsi motsata chigwa, chifukwa matope amathamanga kuposa inu. Thawirani cham'mbali, kuchoka mu mzere wa khwawa, kukwera pachitunda. Katundu musiyeni.

Chomaliza: misundu, ndi masabata atatu otsatira

Misundu ya kumeneko siikhala m'madzi mokha. Imadikira pa udzu ndi pamasamba onyowa, yaing'ono ngati ulusi, ndipo siimveka ikaluma. Mumangozindikira povula sokosi kuti yafiira, kakolo likuchucha magazi, kanthu konenepa ngati nyemba kakulendewera. Musachite mantha ndipo musauzule mwamphamvu. Lowetsani chikhadabo pansi pa kamwa lake n'kuukankhira kumbali. Anthu akumeneko amauwaza mchere n'kugwa wokha. Tsukani balalo ndi sopo n'kulipanikiza, chifukwa magazi amachedwa kuleka. Poyenda m'minda, lowetsani buluku m'sokosi.

Choopsa chenicheni chimabwera mutafika kale kuhositelo. Madzi osefukira amasakanikirana ndi mkodzo wa makoswe ndi ziweto, ndipo tizilombo ta leptospirosis, yomwe ku Kerala amaitcha elippani, timalowera pa bala lililonse, ngakhale la msundu lija. Matendawa amayamba patapita masiku angapo kapena masabata: kutentha thupi, mutu, maso kufiira, ndi kuphwanya kwa minofu makamaka ya m'katumba. Ife tinazolowera kuti thupi likatentha ndi malungo, timwe panado tigone. Apa musatero. Dengue, nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu, nayonso imachuluka nyengo yomweyi, ndipo pa dengue aspirin ndi ibuprofen zimawonjezera kutaya magazi. Ngati munayenda m'madzi osefukira, kaonaneni ndi dokotala mukangobwerera, afotokozereni, aone ngati mukufunika mankhwala a doxycycline. Ndipo aliyense wa m'gulu lanu akatentha thupi m'masabata atatu otsatirawo, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale oti munali ku Wayanad ndipo munaponda m'madzi a chigumula.